Kugona Motsika Mtengo pa Chilumba cha Likoma

(Nyimbo yotsegulira, kenako itsike pang'onopang'ono)

WOULUTSA:  Lero tikwera sitima. Tichoka kuno ku Phalombe, m'munsi mwa phiri la Michesi, tikafike ku Likoma, chilumba cha pa nyanja ya Malawi. Funso lathu ndi ili: munthu wa thumba lopepuka, kaya ndi mphunzitsi wa pulayimale, kaya mlimi amene wagulitsa nandolo wake, kaya amayi a banki m'khonde amene agawana ndalama pakutha pa chaka, akafika kumeneko akagona pati? Nanga akagona bwanji kuti kukacha adzuke ndi mphamvu, katundu ali wosungika, ndalama yobwererera ili m'thumba?

Ndiyambe ndi chimene chimandivuta mumtima. Ambiri a ife tikamva za malo okopa alendo timaganiza za mzungu wobereka chikwama, ngati kuti dziko lino analikongoletsera anthu akunja okha. Ndiye pali china. Mayi wolemekezeka akanena pagulu kuti anagona ku resitihausi, anthu amayang'anizana. Dzina la malo amenewa linaipa chifukwa cha zimene ena amakachitako, moti munthu amalolera kugona pa depoti, kapena kukapanikiza wachibale amene ali ndi chipinda chimodzi ndi ana asanu, kusiyana n'kulipira chipinda chakechake. Ine ndikuti palibe chochititsa manyazi pamenepo. Chipinda chotsika mtengo n'chimene chimatheketsa munthu wamba kuona dziko lake. Chofunika n'kudziwa kasankhidwe kake, ndipo ndizo tiphunzitsane lero.

Mwina wina akufunsa kuti Likoma akutikhudza bwanji ife a ku Phalombe. Nkhani ya chilumba chimenechi inayambira pafupi ndi ife pomwe pano. M'chaka cha 1861, Bishopu Charles Mackenzie wa mpingo wa Anglican, wotumidwa ndi bungwe la UMCA, anafika pamodzi ndi David Livingstone n'kumanga mishoni ku Magomero, m'boma loyandikana nalo la Chiradzulu. Masiku amenewo chigwa chathu chino chinali njira ya akapolo. Anthu ogwidwa ankawadutsitsa pampata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi, ali m'magoli, ulendo wa ku Quelimane, ndipo n'chifukwa chake mu 1893 Angerezi anamanga linga pampata umenewo, lija timalitcha Fort Lister. Mishoni ya ku Magomero siinakhalitse. Nkhondo, njala ndi malungo zinaifooketsa. Mackenzie anamwalira mu Januwale 1862 kumene Ruo amathira mu Shire, ndipo amene anamulowa m'malo, Bishopu Tozer, anasamutsira ntchito yonse ku Zanzibar mu 1864.

Panadutsa zaka zoposa 20 kuti a UMCA akhazikikenso m'dera lino, ndipo pobwerera anadzera kunyanja. William Percival Johnson ndi anzake anasankha Likoma mu 1885, chifukwa pachilumba nkhondo za kumtunda sizinkafika msanga, komanso panali doko labwino loimikapo sitima yawo, Charles Janson. Chauncy Maples anatsogolera mishoniyo kwa zaka zingapo, anadzozedwa ubishopu mu 1895, koma chaka chomwecho anamira m'nyanja ali pa ulendo wobwerera ku Likoma. Tsono mvetserani izi. Mu 1891 Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana za malire, ndipo pangano limenelo ndi lomwe linalemba malire athu kuno, kutsata Ruo ndi kum'mawa kwa Chilwa. Pangano lomwelo linasiya Likoma ndi Chizumulu m'manja mwa Angerezi chifukwa cha mishoni ija, ngakhale gombe loyang'anizana nazo linapita kwa Apwitikizi. Mpaka lero zilumba ziwirizi ndi nthaka ya Malawi yozunguliridwa ndi madzi a Mozambique. Mukaima pagombe la kum'mawa kwa Likoma, mapiri amene mukuwaona tsidya ndi a ku Cobue, m'chigawo cha Niassa. Wa ku Chiringa kuno kwathu sangadabwe nazo zimenezi, poti naye amadzuka m'mawa akuona Mozambique.

(Nyimbo pang'ono)

Tsopano za kayendedwe. Kuchokera kuno, njira ndi ya ku Zomba kudzera ku Jali, kapena ya ku Limbe kudzera ku Chiradzulu, kenako Liwonde, Mangochi mpaka Monkey Bay. Kumeneko ndiko kwawo kwa Ilala, sitima imene inapangidwa ku Glasgow m'dziko la Scotland, inabwera m'zidutswazidutswa, n'kuyamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1951. Kwa zaka zambiri ndondomeko yake yakhala yoti imanyamuka ku Monkey Bay Lachisanu, kufika ku Likoma Loweruka, kupitirira ku Nkhata Bay mpaka ku Chilumba m'boma la Karonga, n'kudzeranso pa Likoma Lachiwiri pobwerera. Koma sitimayi ndi yokalamba, nthawi zina imaima kuti ikonzedwe, choncho musanyamuke kunyumba musanafunse ku ofesi ya sitima. Safunsa anadya phula. Ena amakwera basi mpaka ku Nkhata Bay n'kukakwerera sitima kumeneko, chifukwa ulendo wa pamadzi umafupika.

Mu Ilala muli magawo. Pamwamba pali zipinda zogona za okhala ndi ndalama, pansi ndi pathu ambirife, pamene mumakhala pamodzi ndi matumba a chimanga, malata, mabasiketi a usipa ndi nkhuku zomangidwa miyendo. Tikiti ya pansi ndi yotsika mtengo kwambiri, koma konzekani: tengani chitenje choyala, chofunda chifukwa usiku panyanja pamazizira, madzi akumwa ndi kamba. Pamadoko ambiri sitima imaima pamadzi akuya, anthu n'kutsikira m'maboti, ndipo potsika m'boti nthawi zina madzi amafika m'mawondo. Foni, chiphaso cha unzika ndi ndalama zikulungeni mujumbo, muzisunge pathupi. Pasipoti siifunika popita ku Likoma, ndi kwanu komwe. Imafunika pokhapokha mukafuna kuwolokera ku Cobue.

Chimene chimasokoneza alendo ambiri n'chakuti ola lofikira sitima silidziwika. Kukweza ndi kutsitsa katundu pamadoko a m'njira kumatenga nthawi, mphepo nayo ili ndi mawu ake, moti mukhoza kufika masana kapena pakati pa usiku. Ndipo tsiku la sitima ndilo tsiku limene zipinda zimadzaza, chifukwa amalonda, ogwira ntchito m'boma ndi ophunzira onse atsika nthawi imodzi. Choncho funafunani nambala ya malo ogona mukadali kuno, kudzera mwa mnzanu wa kumpingo, mphunzitsi kapena wachipatala amene anagwirako ntchito kumeneko. Imbani, sungitsani chipinda, funsani mtengo ndipo muulembe. Koma ndalama yonse musatumize pa foni chipinda musanachione. Akakakamira, tumizani ya usiku umodzi basi.

Malo ogona ku Likoma alipo a mitundu itatu. Kummwera kwa chilumba kuli Kaya Mawa, kumene mitengo amatchula m'madola ndipo alendo ake ambiri amabwera pa ndege. Kumeneko sikumene tikulowera lero. Pali malo apakatikati onga Mango Drift, kumene kuli zipinda zogona anthu angapo m'chipinda chimodzi, aliyense bedi lake, komanso bwalo loti wobwera ndi tenti akhome. Achinyamata amene mukuyenda pagulu, funsani mtengo wa Amalawi, chifukwa malo ambiri otere amasiyanitsa. Ndiye pali maresitihausi a ku Mbamba, kufupi ndi msika ndi doko, kumene kumagona amalonda ndi apaulendo wamba. Amenewa ndiwo athu. Magulu a mpingo, makwaya ndi masukulu, lembani kalata kuparishi kapena kusukulu ya kumeneko nthawi ikadalipo, mufunse ngati angakupezereni pogona. Kungofika anthu 30 usiku osadziwitsa n'kuwavutitsa eni mudzi.

(Nyimbo pang'ono)

Tsopano mwafika pa resitihausi, mnyamata wolandira alendo watenga makiyi. Apa ndipo pagona nkhani yonse, ndiye ndikupempheni kuti mutchere khutu bwino. Musalipire muli pakhomo. Nenani mwaulemu kuti, achimwene, ndione kaye chipindacho. Malo abwino sakana pempho limeneli.

Mukalowa, chikwama chikhale kaye kumsana kapena pampando, osati pabedi. Yatsani tochi ya foni, vundukulani nsalu yoyala, ndipo muunike m'mphepete mwa matiresi, mumsoko momwe, makamaka kumutu. Mukaona timadontho takuda tothithikana ngati wina wawazapo inki, kapena timakoko toyera tating'onoting'ono, dziwani kuti muli nsikidzi. Unikaninso m'ming'alu ya matabwa a bedi ndi pakhoma pafupi ndi pilo, pamene nthawi zina pamakhala mizere ya magazi ya amene anagonamo dzulo. Nsikidzi sizikuluma usiku umodzi wokha ayi. Zimalowa m'chikwama, kukwera nanu Ilala, kudzatsika nanu kuno pa Migowi, ndipo kuzichotsa m'nyumba ndi ntchito ya miyezi. Mukaziona, pemphani chipinda china chotalikirana nacho, kapena pitani kwina.

Kenako tambasulani neti. Iunikeni mbali zonse, chifukwa bowo lolowa chala ndi khomo la udzudzu, ndipo kunyanja malungo ndi a chaka chonse. Ine ndimalangiza kuti munthu anyamule neti yake ndi kachingwe, sizilemera. Mukatero tsekani chitseko muli mkati, muone ngati mpiringidzo ukugwira. Loko wa kiyi yekha sakwanira, poti simudziwa kuti makiyi ake alipo angati. Ngati chitseko chili chokhoma ndi loko wopachika, gwiritsani ntchito wanu wochokera naye kunyumba. Yang'anani zenera ngati lili ndi zitsulo komanso ngati likutseguka, popeza Likoma amatentha, makamaka Okutobala ndi Novembala, ndipo chipinda cha malata chopanda mpweya simungagonemo.

Musathere pomwepo. Pitani mukaone chimbudzi ndi bafa musanatulutse ndalama. Chipinda amatha kuchisesa mofulumira akaona mlendo, koma chimbudzi chimanena zoona za mwini malo. Kodi pali madzi ndi sopo posambira m'manja? Kodi chitseko cha bafa chimatsekeka? Kodi usiku njira yopita kumeneko imawala? Tisaiwale kuti kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mphepete mwa nyanja anavutika kwambiri. Funsani kumene madzi akumwa amachokera, ndipo ngati mukukayika, thiranimo mankhwala kapena muwiritse. Chomaliza, imani panja mumvetsere. Ngati khoma la chipinda chanu ndi lomwelo la bala, tulo mulibe mpaka mbandakucha. Sankhani chipinda cha kumapeto.

Mukakhutira, lipirani ndipo mulandire lisiti. M'buku la alendo lembani dzina lanu lenileni ndi nambala ya wachibale. Ena amalemba mayina abodza chifukwa cha manyazi aja, koma tangoganizani mutadwala usiku pachilumba pamene palibe wokudziwani: a ku chipatala cha St Peter's adzaimbira yani? Malo ovomerezeka amakhalanso ndi chiphaso cha boma chopachikidwa pakhoma, ndipo kuchiyang'ana si mwano.

Kwa inu amayi ndi atsikana oyenda nokha, ufulu wogona pamalo olipira ndi wanu monga ulili wa bambo aliyense. Pemphani chipinda choyandikira kwa mlonda kapena kwa wolandira alendo, wina akagogoda usiku musatsegule musanamve kuti ndani ndipo akufuna chiyani, ndiponso uzani a kunyumba dzina la malo amene mwagona. Ndipo inu abambo amene mumaona mayi pa resitihausi n'kuyamba kumuganizira zina, khalidwe limenelo ndi limene likutsekera azilongo athu ndi ana athu pakhomo. Lisiyeni.

(Nyimbo pang'ono)

Za chakudya. Likoma ndi chilumba chaching'ono, cha masikweya kilomita 18 kukula kwake konse, cha miyala, mchenga ndi milambe. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 14,000 m'boma lonselo, kuphatikiza Chizumulu, pamene ife kuno tinaposa 400,000. Minda ndi yochepa, mbewu yodalirika ndi chinangwa, choncho chimanga, shuga, mafuta, ngakhale nkhuni ndi makala, zambiri zimabwera pamadzi kuchokera ku Nkhata Bay kapena ku Mozambique. Musadabwe mukapeza zinthu zili zokwererapo mtengo, sikuti akukuberani. Ife a ku Phalombe tili ndi mwayi: nyamulani ufa, mpunga ndi nandolo wa kumunda kwanu, ndiwo mukagule kugombe m'mawa asodzi akamakocheza. Funsani mwini resitihausi ngati amalola kuphika pa mbaula kuseri, ambiri amalola mukapempha. Anthu anayi akasonkherana, kuphika limodzi n'kugawana zipinda ziwiri, ulendo umapepuka kwambiri. Komabe tsiku limodzi lowani m'kanyumba kodyera pamsika, muitanitse kondowole ndi usipa wauwisi kapena utaka. Amene tinakulira matemba ndi makumba a m'Chilwa tiyenera kulawako nsomba za nyanja inayo, ndipo ndalama imeneyo imatsala m'manja mwa mayi wa pachilumba pomwepo.

Magetsi aliko. Kale ankadalira injini za dizilo zimene zinkazimitsidwa usiku, koma m'zaka zapitazi a EGENCO anaikako magetsi a dzuwa. Ngakhale zili choncho, tochi isasowe m'chikwama. Foni nayo muziyang'ana, chifukwa kufupi ndi malire imatha kukoka netiweki ya ku Mozambique n'kukudyerani mayunitsi. Ndalama musadalire njira imodzi: ina ikhale pa Mpamba kapena Airtel Money, ina m'manja.

Nanga mwavutikira chiyani ulendo wonsewu? Kukacha, yendani wapansi kuchokera ku Mbamba kukwera ku Chipyela. Malo amenewo kale ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti, ndipo amishoni anasankha dala kumangapo tchalitchi chachikulu cha St Peter's. Mwala wa maziko unaikidwa mu 1903 ndi Bishopu Gerard Trower, mapulani anajambula ndi Frank George, ndipo pofika 1905 anthu anayamba kupemphereramo, ngakhale ntchito inapitirira mpaka 1911. Kutalika kwake ndi pafupifupi mamita 100. Chimene ndimafuna kuti Mmalawi aliyense akachione ndi maso ake n'chakuti nyumba imeneyi inamangidwa ndi manja a anthu a kunyanja, amuna ndi akazi, osenza miyala pamutu, pa nthawi imene kunalibe galimoto kapena makina onyamulira, ndipo zipangizo zambiri zinkachita kuwoloka nyanja. Mukalowa, kunja kuli dzuwa loswa mtengo, mkati mumapeza muli zii, kuwala kukulowera m'magalasi a mitundumitundu. Pitani kutsogolo muone mipando ya oimba yosemedwa pa mwala wofewa, muigwire ndi dzanja. Funsani akuonetseni mtanda wopangidwa ndi thabwa la mtengo umene pansi pake anakwirira mtima wa Livingstone kwa Chitambo, ku Zambia, mu 1873. Chilumba chomwechi ndicho chinabala Josiah Mtekateka, amene mu 1965 anakhala Mmalawi woyamba kudzozedwa bishopu wa Anglican, ndipo sukulu za mishoni zinatulutsa aphunzitsi, akalaliki ndi anamwino amene anakagwira ntchito m'dziko lonse lino mpaka kunja.

Kumbukirani kuti imeneyi ndi nyumba yopemphereramo mpaka lero. Valani modzilemekeza, abambo vulani chipewa, pemphani musanajambule, ndipo amene wakuyendetsani mumuthokoze ndi kangachepe. Kulowa n'kutuluka osaponya kanthu m'bokosi la chopereka, chonsecho denga lotere limafuna kukonzedwa, sizoona. Mukakhalako Lamulungu, kalowe nawo m'mapemphero ngakhale muli a mpingo wina, mukamve maimbidwe a anthu a kunyanja. Mukapezanso kuti m'mudzi wina muli malipenga kapena chioda, pitani mukaonere. Chilankhulo sichivuta, Chinyanja chawo ndi Chichewa chathu zimamvana.

Mawu awiri a chenjezo. Loyamba, likodzo timalidziwa kale kuno ku Chilwa, ndipo kunyanja yaikulu liliko, makamaka m'madzi odekha a m'mabango. Mukasambako, kayezetseni kuchipatala pakapita miyezi iwiri. Lachiwiri ndi lalikulu. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumawomba mwera, ndipo mafunde ake si ofanana ndi a m'Chilwa. Sitima ikachedwa, kumabwera anthu okuuzani kuti pali boti la matabwa lopita ku Nkhata Bay, motchipa. Pakati pamenepo pali makilomita oposa 60 a madzi okhaokha. Boti lodzaza mopyola muyeso, lopanda majekete opulumutsira moyo, lonyamuka usiku, musakwere, ngakhale tchuthi chanu chitatha. N'chifukwa chake powerengera ndalama za ulendo muziikapo za masiku awiri owonjezera, chipinda ndi chakudya, ndipo ya tikiti yobwererera muisunge payokha, osaikhudza.

Ndisanatseke, ndilankhule ndi inu eni maresitihausi a kuno kwathu, pa boma, pa Migowi ndi pa Chiringa. Zonse ndauza omvera kuti akayang'ane ku Likoma, alendo anu akuziyang'ananso kwa inu. Kuno kumabwera ogula nandolo ndi mpendadzuwa, odikirira odwala ku chipatala cha Holy Family, ogwira ntchito za chithandizo monga tinaonera namondwe wa Freddy atatigwera mu Malichi 2023, komanso okwera phiri amene amayambira pa Fort Lister kupita ku Sombani. Anthu amenewa safuna zambiri. Anikani matiresi padzuwa, sokani maneti, ikani mpiringidzo pachitseko chilichonse, ndowa ya madzi ndi sopo zikhale pakhomo pa chimbudzi, mitengo ilembedwe poonekera kuti aliyense alipire mofanana. Ngati muli ndi bala, zipinda za apaulendo zikhale ndi khomo lakelake, kuti mayi wobwera ndi mwana asadutse pakati pa anthu omwa. Ndipo mnyamata wanu wolandira alendo adziwe kulondolera njira ya ku Fort Lister ndi kufotokoza zimene zinkachitika pampata paja, chifukwa mlendo akafunsa amayamba kufunsa iyeyo.

Sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino tidzakhala kufupi, pa chilumba cha Chisi m'nyanja ya Chilwa, kuwolokera pa doko la Kachulu, ndipo tidzakambirana za kayendedwe ka pa bwato nyengo imene madzi aphwera. Amene munagonako ku Likoma kapena ku Chizumulu, tilembereni mutiuze mitengo imene munapeza ndi mmene munayendera, kuti tidzawerengere anzanu amene akukonzekera ulendo. 

(Nyimbo yotsekera)